Loya amene amakhala chete kumbuyo

Mwezi watha ndinaperekeza mnzanga wina, mayi wolera yekha ana, kusukulu ya mwana wake kuno ku America. Mnyamatayo, wa zaka 14, anali atamuimitsa sukulu, ati anayankha aphunzitsi mwamwano. Mayi ake amachezera usiku wonse kusamalira okalamba, ndiye ndalama ya loya akanaitenga kuti? Amene anabwera kudzawayankhulira anali mtsikana wophunzira zamalamulo, atakumbatira fayilo, manja akunjenjemera pang'ono. Kumbuyo kwake kunakhala mayi wina, cholembera m'manja, kukamwa kuli tseke. Mtsikana uja atasokonezeka pa funso lina, mayiyo anangomukankhira kapepala patebulo. Basi. Lolemba lake mwana anabwerera m'kalasi.

Nditafunsa, anandiuza kuti mayi wa kumbuyo uja ndi loya amene ali pa clinical teaching fellowship. Masukulu a zamalamulo kuno ali ndi makiliniki, kumene ophunzira amatenga milandu yeniyeni ya anthu osauka, mwaulere, koma pali wowayang'anira. Fellowship imeneyi ndi ya loya amene ntchito akuidziwa kale, koma akufuna kuphunzira kuphunzitsa ena. Ku yunivesite ya Georgetown, mumzinda wa Washington, amakhalako zaka 2 ndipo pomaliza amalandira digiri yapamwamba ya zamalamulo yotchedwa LL.M. Malipiro ake sangafanane n'komwe ndi a maloya a makampani akuluakulu.

Ine ndikuti ntchito imeneyi ndi yofunika kwambiri, ndipo zimandiwawa ndikamva anthu akunena kuti tsankho la m'masukulu linatha kalekale. Inde, mu 1954 khoti lalikulu la dziko lino linagamula pa mlandu wa Brown v. Board of Education kuti kulekanitsa ana akuda ndi azungu m'sukulu za boma n'kulakwira malamulo. Koma loya Thurgood Marshall, amene anatsogolera mlanduwo, sanagwe kumwamba. Anasulidwa ndi mphunzitsi wake, Charles Hamilton Houston, ku Howard University. Popanda wosula, mpeniwo ukanatha bwanji kudula?

Ndipo nkhondoyo sinathere pamenepo. Mu 1973, pa mlandu wa San Antonio v. Rodriguez, oweruza 5 mwa 9 a khoti lalikulu lomwelo anati malamulo aakulu a dzikoli satchula maphunziro ngati ufulu wachibadwidwe, choncho sukulu zikhoza kumadalirabe msonkho wa nyumba za m'dera. Dera likakhala losauka, sukulu nayo imasauka, ndipo tonse tikudziwa amene amakhala m'madera otere. Mu 1975, mlandu wa Goss v. Lopez unanena kuti mwana asaimitsidwe sukulu, ngakhale kwa masiku osapitirira 10, asanauzidwe cholakwa chake ndi kupatsidwa mpata wofotokoza mbali yake. Zabwino. Koma lipoti la boma la 2018 linapeza kuti ana akuda anali pafupifupi 15.5 peresenti ya ophunzira m'sukulu za boma, pamene mwa oimitsidwa sukulu anali pafupifupi 39 peresenti.

Ana amenewa safika kukhoti lalikulu ayi. Nkhani zawo zimathera m'kachipinda ngati kamene tinakhalamo ife, kholo litatopa, likuopa kuyankhula, likungovomera chilichonse kuti zithe. Ufulu wa mu 1975 uja umagwira ntchito pokhapokha m'chipindamo mukhale munthu woudziwa. Loya mmodzi sangafike paliponse, koma akamaphunzitsa achinyamata angapo chaka chilichonse, zipinda zofikidwa zimachuluka.

Kwathunso si zachilendo. Mu 2023 khoti la High Court ku Zomba linagamula kuti kukaniza ana achi Rasta kulowa m'sukulu za boma chifukwa cha tsitsi lawo n'kuphwanya malamulo. Ana angati anakhala pakhomo zaka zonsezo, opanda wowanenera?

Titatuluka, mnzanga anagwira mtsikana uja manja onse awiri, misozi ili m'maso. Ine ndinkayembekeza kuti loya uja amuyamikira n'kumapita. Anamuyamikiradi, kenako anakhala naye pabenchi panja, n'kutsegula kope lake. Ndinamva akumufunsa kuti, "Pamene ahedi anatchula za chaka chatha, n'chifukwa chiyani sunapemphe kuona zolembedwazo?" Mtsikanayo anayamba kulemba. Ife tinawasiya pomwepo, poti mnzanga ankafunika kukagona asanalowe ntchito 7 koloko madzulo.