Musagule kompyuta ya mamiliyoni chifukwa cha Tekken 3

Dzulo madzulo alamu anga anandiimbira foni ali m'shopu ina m'tauni. Akuti, "Alamu, ndapeza makina a magemu, graphics card yake ngati njerwa, mafani atatu owala mitundumitundu. Nditenge?" Ndinawafunsa zomwe akufuna kumasewera. Akuti Tekken 3, mpira wa pa PS2, ndi Contra ya pa TV game ija tinkalimbirana tili ana. Ndinawauza kuti abweze ndalamazo m'thumba, atuluke msanga wogulitsayo asanawakokere mpando.

Ine maganizo anga ndi akuti anthu ambiri ofuna magemu akale amawononga ndalama pa chinthu chimene sichigwira ntchito yaikulu. Magemu akalewa pa kompyuta amayendera emulator, pulogalamu imene imadzisandutsa makina akale, ndipo katundu wolemera amagwera purosesa, osati graphics card. Gemu ya PlayStation imalankhula chinenero cha chip ya Sony, ndiye purosesa ya kompyuta yanu imamasulira liwu ndi liwu, osatsalira. Zili ngati womasulira kutchalitchi mlendo akamalalikira m'Chingerezi. Mlaliki akathamanga, pamafunika womasulira mmodzi wachangu lilime. Mukhoza kuimika omasulira 16 kuguwako, koma sangagawane chiganizo chimodzi. N'chifukwa chake pa nkhaniyi liwiro la core imodzi, womasulira mmodzi m'kati mwa purosesa, limaposa kuchuluka kwa ma core. Graphics card yaikulu imafunika pokhapokha mukufuna kukulitsa chithunzi kuti chifike 4K, ndipo nkhope za osewera mpira a pa PS2 mukaziona mu 4K mudzalakalaka musanazione.

Choyamba dzifunseni kuti mukufuna kukathera pa makina ati. PlayStation yoyamba (PS1) inatuluka mu 1994 ndi purosesa ya 33 MHz ndi RAM ya 2 MB. Imeneyo ngakhale foni yosweka galasi imene munapatsa mwana imaikwanitsa. PS2 ya 2000 ndiye ina. Chip yake, Emotion Engine, inkathamanga pafupifupi 300 MHz, nambala yooneka yochepa, koma inapangidwa mwa mtundu wakewake moti PCSX2, emulator ya PS2, imatulutsa thukuta poitsanzira. Chodabwitsa china, Super Nintendo ya 1990 imayenda pa chilichonse mukagwiritsa ntchito emulator ya Snes9x, koma emulator ina, bsnes, imene imatsanzira kachitidwe kalikonse ka makinawo mosaphonya, panthawi ina inkafuna purosesa ya pafupifupi 3 GHz. Gemu yomweyo, kulemera kosiyana.

Ine ndinayamba ndi kugwa m'mbuna. Ndinagula kanthu kaja kooneka ngati flash, kobaya kumbuyo kwa TV, pa bokosi atalemba kuti muli magemu 10,000. Kufika kunyumba, Mario yemweyo anali m'menemo kambirimbiri, angomusintha dzina. Magemu a NES ndi Mega Drive ankayenda bwinobwino, ndisaname. Koma nditatsegula Tekken 3, nyimbo inayamba kuchita chibwibwi, ndipo ndikadina batani chibakera chimatuluka mnzanga atandigwetsa kale. Ma pad ake a mabatire anatha mphamvu Lamlungu lomwelo.

Kenako ndinapita ku Raspberry Pi 4, kakompyuta ka kabolodi kamodzi kotuluka mu 2019 kaja. Kameneka ndimakakondabe. Kamadya magetsi ochepa, mpaka power bank yabwino imakayendetsa, ndipo PS1 kamaimeza osatafuna. Magemu a Nintendo 64 (N64) ndi Dreamcast kamayesetsa, ena amayenda ena ayi. PS2 iwalani. Pi 5 ya 2023 ili ndi mphamvu zoposa, koma mukaphatikiza chaja yake, kabokosi, fani, SD card, ndalama yotumizira ndi msonkho, mupeza kuti mwafika pa mtengo wa kompyuta yeniyeni. Ndiye palinso magetsi athuwa. Tsiku lina anazima ndili mkati mosunga gemu, SD card inasokonekera, ligi imene ndinaivutikira miyezi itatu inapita. Ndinangokhala mumdimamo pad ili m'manja.

Chimene ndimalangiza aliyense tsopano ndi timakompyuta ta mu ofesi takaunjika: Dell OptiPlex Micro, Lenovo ThinkCentre Tiny, HP EliteDesk Mini. N'tosaoneka bwino, takuda bii, kukula ngati buku la nyimbo. Microsoft inasiya kusamalira Windows 10 pa 14 October 2025, ndipo Windows 11 siilandira mapurosesa ambiri a Intel a m'badwo wa 6 ndi 7. Maofesi akunja akutaya makina abwinobwino chifukwa cha zimenezi, ndipo ena akutipeza kuno. Ife Windows sitikuifuna. Mumaika Batocera, sisitimu ya magemu yolowa m'malo mwa Windows, pa flash kapena pa SSD, mukayatsa mumangofikira pa magemu. Core i5 ya m'badwo wa 6, RAM ya 8 GB ndi SSD zimakwana PS1, N64, Dreamcast, PSP, magemu ambiri a GameCube pa emulator ya Dolphin, komanso ambiri a PS2 mukawasiya pa chithunzi chawo chakale.

Onetsetsani chilembo chakumapeto kwa dzina la purosesa. i5-6500 imayambira pa 3.2 GHz ndipo ndi ya 65 W, pomwe i5-6500T imayambira pa 2.5 GHz ndipo ndi ya 35 W. Timakompyuta tating'ono kwambiri nthawi zambiri timakhala ndi ya T. Ngati muli pa sola kapena inveta, ya T ikusungirani batire. Ngati mtima wanu uli pa PS2, tengani bokosi lokulirapo pang'ono lopanda T. Suzumiraninso kumbuyo, ena alibe HDMI, ali ndi DisplayPort yokha, mungafike kunyumba n'kumayang'anana ndi TV.

Ine ndikamapita kukagula ndimatenga flash yanga ya Batocera ndi pad m'thumba. Ndimapempha wogulitsa kuti tiyatsire pomwepo. Amayamba wanyinyirika, "Bwana, makinawa ndi fresh, angotsika kumene." Tikangoyamba mpira, iye yemwe amapempha pad yachiwiri. Mphindi khumi zimakwana kumva ngati fani ikulira ngati chigayo kapena ngati mawu akudukaduka.

PS3 yokha ndiye ndikuvomereza, emulator yake, RPCS3, imafunadi purosesa yamakono ya ma core ambiri. Kumeneko konzani thumba.

Ndalama yotsalayo gulirani pad yabwino ya waya. Anthu amanyozera zimenezi, koma pad yotchipa ya Bluetooth ndi TV yosaikidwa pa Game Mode zimachedwetsa batani moti mumayamba kunamizira kompyuta yosalakwa. Ndipo mukapeza gemu ili pawiri, PAL (ya ma TV a ku Ulaya) ndi NTSC (ya ku America ndi Japan), sankhani NTSC. Magemu ambiri akale a PAL ankayenda pa 50 Hz m'malo mwa 60, ndiye ankakwawa pang'ono.

Alamu anga anatuluka m'shopu muja chimanjamanja, wogulitsa akuwaponyera diso loipa. Loweruka tikupita limodzi kukaona ka ThinkCentre kena. Akuti akangokagula andikwapula zigoli zisanu. Munthu wake ndi yemwe uja ankazimitsa TV game akaona kuti akuluza.