Munthu wa ADHD amadziwa kale zoyenera kuchita, chimene amasowa ndi womuthandiza kuyamba

Anthu amene ali ndi vuto la ADHD, lomwe limalepheretsa munthu kuika maganizo pa chinthu chimodzi ndiponso kusunga nthawi, anamva kale malangizo onse: kulemba zochita za tsiku, kuyamba msanga, kusiya kuzengereza. Zimenezi amazidziwa bwino, mwinanso kuposa owalangizawo. Katswiri wa zamaganizo wa ku America, Russell Barkley, wakhala akufotokoza kwa zaka zambiri kuti chovuta n'chakuti munthuyo amalephera kuchita zimene akudziwa pa nthawi imene zikufunika. N'chifukwa chake ndimaona kuti kukhala ndi kochi wa ADHD, yemwe ndi munthu wothandiza anthu otere kukonza ndi kuyamba ntchito zawo, n'kothandiza kwambiri, makamaka kwa akuluakulu, amene pafupifupi 2 kapena 3 mwa 100 aliwonse ali ndi vutoli.

Tiyerekeze kuti munthu ali ndi fomu imene yakhala patebulo kwa milungu ingapo osaidzaza. Kochi wabwino sayamba ndi kumukumbutsa kufunika kwa fomuyo. Amamufunsa pamene anaimira, ndipo zimapezeka kuti fomuyo ikufuna nambala imene ili pakalata yakale, kalatayo ili m'bokosi la mapepala osasanja, ndipo nthawi iliyonse akaganiza za bokosilo mtima umagwa mphwayi. Akatero amagwirizana kuti ntchito ya lero ikhale yofufuza kalata yokhayo kwa mphindi 10, foni ili m'chipinda china, kenako atumize uthenga wonena kuti waipeza kapena ayi. Makochi ena amangokhala pa vidiyo osalankhula pamene munthuyo akugwira ntchito, chifukwa kudziwa kuti pali wina amene alipo kumathandiza ambiri kuyamba.

Chimene chimandikhudza mtima kwambiri ndi zimene zimachitika munthu akalephera kuchita zimene anagwirizana. Ambiri mwa anthuwa anakula akutchedwa aulesi ndi osasamala, choncho anazolowera kubisa zolephera zawo ndi kupepesa asanafunsidwe. Kochi amene amafunsa modekha kuti chinachitika n'chiyani pa ola lija, osakalipa komanso osanamizira kuti palibe vuto, amapatsa munthu mpata wonena zoona, ndipo dongosolo limakonzedwa kuchokera pa zoonazo. Mwamuna kapena mkazi wake angayese kuchita zomwezi, koma kawirikawiri chikondi chimasanduka kulondalonda, ndipo banja limatopa nazo.

Komabe kochi si dokotala. Sangapime munthu n'kunena kuti ali ndi ADHD, sangalembe mankhwala, ndiponso sangachize matenda a nkhawa kapena kuvutika maganizo, amene nthawi zambiri amayendera limodzi ndi vutoli. Mankhwala a ADHD monga methylphenidate afufuzidwa kwa zaka zambiri, pamene kafukufuku wokhudza makochi akadali wochepa. M'mayiko ambiri aliyense angathe kudzitcha kochi, ndipo ngakhale bungwe la International Coaching Federation limapereka ziphaso, munthu sakakamizidwa kukhala nacho. Musanayambe kulipira, mufunseni kumene anaphunzira za ADHD, ngati amalola kugwira ntchito mogwirizana ndi dokotala wanu, komanso zimene amachita munthu akalephera mlungu ndi mlungu. Amene angakuuzeni kuti musiye mankhwala chifukwa njira yake ndi yokwanira, musamupatse ndalama zanu.