Maganizo anga pa kusankha purosesa ndi motherboard pamene thumba ndi lopereŵera

Funso limene limamveka kawirikawiri pakati pa achinyamata okonda magemu a pakompyuta muno mu Blantyre ndi lakuti, "Kodi ndigule purosesa iti?" Ine ndimaona kuti funsoli limabwera msanga kwambiri, chifukwa purosesa, imene ili ngati ubongo wa kompyuta, siigulidwa payokha. Purosesa iliyonse imakhala pa soketi yakeyake, soketiyo ili pa motherboard (thabwa lalikulu lolumikizirapo zipangizo zonse), ndipo motherboard ndiyo imalamula mtundu wa RAM (mosungira zinthu mwakanthawi kompyuta ikamagwira ntchito) imene mugwiritse ntchito. Choncho maganizo anga ndi akuti munthu wa ndalama zochepa ayambe watsegula bokosi la kompyuta yake ndi kuona zimene ali nazo kale, kenako asankhe purosesa ndi motherboard nthawi imodzi, ndipo asamale kuti ziwirizi zisadye ndalama zimene zimayenera kugulira graphics card, khadi lojambula zithunzi za pa sikirini, popeza m'magemu ambiri khadi limeneli ndilo limasenza katundu wolemera.

Ambirife tinayambira pa makompyuta a kaunjika ochokera m'maofesi a kunja, monga Dell OptiPlex kapena HP, okhala ndi Core i5-4570 kapena Core i7-4790, mapurosesa a Intel a m'badwo wachinayi, a m'zaka za 2013 ndi 2014, amene amayendera RAM ya DDR3. Makina amenewa atitumikira mokhulupirika, ndipo sindikufuna kuwanyoza. Koma ndikuchonderera kuti musathirenso ndalama zina mmenemo. Microsoft inasiya kusamalira Windows 10 pa 14 Okutobala 2025, ndipo Windows 11 imavomereza mapurosesa a Intel kuyambira m'badwo wachisanu ndi chitatu, kapena Ryzen 2000 kupita m'tsogolo, komanso imafuna TPM 2.0, gawo loona za chitetezo cha kompyuta. Magemu nawonso ayamba kufunsa zomwezo: Valorant pa Windows 11 imafuna TPM 2.0 ndi Secure Boot (njira yotetezera kompyuta pamene ikuyaka), ndipo Battlefield 6 siitseguka popanda zimenezi. Wogula i7-4790 lero kuti achotse i5 yake akulipira ndalama zenizeni pa njira imene yafika kale pamapeto.

Pali chinthu china chimene wochoka pa makina a muofesi ayenera kudziwa asanawerengere ndalama zake. Makampani opanga makinawa nthawi zambiri amagwiritsa ntchito motherboard, power supply (chipangizo chogawa magetsi m'kompyuta) ndi mawaya a mabatani a kutsogolo zopangidwa mwa njira yawoyawo, moti motherboard yogula padera siikhala bwino m'bokosi limenelo, ndipo mawaya a magetsi sagwirizana. Kunena zoona, munthu wotereyu sakugula zinthu ziwiri, koma zisanu: purosesa, motherboard, RAM, power supply ndi bokosi. Ndi bwino kudziwiratu zimenezi kusiyana ndi kukhala ndi zipangizo zatsopano pa tebulo mwezi wathunthu, osatha kuziyatsa.

Tsopano ndinene chimene ndimachikonda. Kwa anthu ambiri muno, ine ndimasankha soketi ya AM4 ya AMD pamodzi ndi Ryzen 5 5600. Soketi imeneyi inatuluka mu 2016, mapurosesa oyamba a Ryzen anabwera mu 2017, ndipo kampaniyo inapitiriza kutulutsa mapurosesa ena a soketi yomweyo kwa zaka zambiri, monga Ryzen 7 5700X3D imene inatuluka mu 2024. Ndi zachilendo kuti soketi imodzi ikhale zaka zambiri chonchi, ndipo phindu lake kwa ife ndi lakuti zipangizo zake zafalikira, zatsopano ndi zogwiritsidwa kale ntchito zomwe, moti chimodzi chikawonongeka simusowa cholowa m'malo mwake. Ryzen 5 5600 inatuluka mu Epulo 2022, ili ndi ma core 6 (zigawo zogwira ntchito mkati mwa purosesa) ndi ma thread 12 (ntchito zimene ingayendetse nthawi imodzi), cache ya L3 (mosungira zinthu mothamanga mkati mwa purosesa) yokwana 32MB, ndipo inaikidwa m'gulu la mawati 65, kutanthauza kuti siitentha kwambiri ndipo siimaliza mayunitsi a magetsi. Yogulitsidwa m'katoni yake imabwera ndi fani yotchedwa Wraith Stealth, koma yogulitsidwa yopanda katoni imabwera yokhayokha, choncho funsani musanalipire. Ngati muli kale ndi motherboard ya AM4 yokhala ndi Ryzen 3 2200G kapena Ryzen 5 2600, ndiye kuti mwayi wanu ndi waukulu, pakuti mwina mungofunika kukonza BIOS (pulogalamu ya mu motherboard imene imayamba kuyaka mukayatsa kompyuta) ndi kusintha purosesa yokha, RAM yanu ya DDR4 n'kukhala momwemo.

Mayina a mapurosesawa amafanana kwambiri, ndipo apa ndi pamene anthu amasokonezeka. Ryzen 5 5500 ili ndi ma core 6 ngati inzake, koma cache yake ndi 16MB yokha ndipo imathera pa PCIe 3.0 (njira yolumikizira graphics card, yochedwerapo kuposa PCIe 4.0), ndi purosesa yabwino ndithu ngati mtengo wake watsika moonekeratu, koma ngati kusiyana kwa mtengo ndi kochepa, tengani 5600. Ryzen 5 5600G nayonso ili ndi 16MB, koma ili ndi gawo lojambula zithunzi mkati mwake, ndipo chimenechi ndi chofunika kwa wophunzira kapena wantchito amene sangagule zonse tsiku limodzi. Munthu wotere akhoza kuyatsa kompyuta yake lero, kusewera magemu opepuka pa zithunzi zotsika, kulemba ntchito za kusukulu, n'kumasunga ndalama za graphics card pang'onopang'ono. Koma 5600 ndi 5500 sizionetsa chithunzi chilichonse popanda graphics card.

Sindikunena kuti Intel ilibe malo. Core i5-12400F, imene inatuluka mu Januwale 2022 pa soketi ya LGA1700, ili ndi ma core 6 ndi ma thread 12, ndipo m'magemu imayenda limodzi ndi Ryzen 5 5600, moti mtengo wa purosesa ndi motherboard mukauphatikiza ndiwo uyenera kugamula. Core i3-12100F, ngakhale ili ndi ma core 4 okha, ndi yamphamvu kuposa mmene dzina lake limamvekera. Chilembo cha F chimatanthauza kuti mulibe gawo la zithunzi. Chenjezo langa lalikulu ndi lakuti ma motherboard a LGA1700, monga H610, B660 ndi B760, alipo a DDR4 ndipo alipo a DDR5, ndipo RAM ya mtundu wina siilowa pa mzake, choncho werengani dzina lonse lolembedwa pa katoni. Komanso mu 2024 Intel inavomereza kuti mapurosesa ena a m'badwo wa 13 ndi 14, makamaka amphamvu kwambiri, ankawonongeka chifukwa cha kuchuluka kwa voteji, ndipo inatulutsa zokonzera BIOS ndi kuwonjezera zaka ziwiri pa chitsimikizo chake. Ine sindingagule purosesa ya mibadwo imeneyi kwa munthu amene anaigwiritsa kale ntchito, chifukwa yowonongeka kale siichira ndi BIOS yatsopano.

Anzanga ena amatsutsa kuti AM4 ndi yakale, ndipo wanzeru agule AM5, soketi yatsopano ya AMD imene inatuluka mu Seputembala 2022, kuti akhale ndi tsogolo. Mfundoyi ndi yomveka, ndipo Ryzen 5 7600 ndi yothamanga kuposa 5600. Koma AM5 imalandira DDR5 yokha, motero mukugula purosesa yodula, motherboard yodula ndi RAM yatsopano nthawi imodzi. Tonse tikukumbukira kuti mu Novembala 2023 kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti, ndipo chipangizo chilichonse cha kompyuta chimalowa m'dziko muno ndi ndalama zakunja zimene zimavuta kupeza. Ngati kusiyana kwa mtengo pakati pa AM4 ndi AM5 kungakusamutseni kuchoka pa khadi lofooka kufika pa Radeon RX 6600 kapena GeForce RTX 3060, ndiye kuti ndalamazo zikagwira ntchito yooneka ndi maso pa khadilo kuyambira tsiku loyamba. Amene thumba lake likulola zonse ziwiri atenge AM5 mosakayika, koma nkhani ino ndi ya amene sangathe.

Pa motherboard ndi pamene ndikufuna kukhalitsa, chifukwa ambiri amaitenga ngati thabwa longolumikizira mawaya, n'kugula yotsika mtengo kuposa zonse. Pa AM4, ine ndimaika motherboard ya mtundu wa B550 patsogolo, kenako B450 yopangidwa bwino, ndipo A520 ndi A320 ndimazisiya kumapeto. B550 imapereka PCIe 4.0 ku graphics card ndi ku malo oyamba a M.2 (polowetsa kachipangizo kosungira mafayilo), pamene B450 ndi A520 zimathera pa PCIe 3.0. Pa makhadi ambiri kusiyanaku ndi kochepa kwambiri, koma pa khadi ngati Radeon RX 6500 XT, limene limagwiritsa ntchito njira zinayi zokha za PCIe, liwiro limatsika ndithu likaikidwa pa PCIe 3.0. Chimene ndimayang'ana kwambiri ndi gawo lozungulira soketi lotchedwa VRM, limene limasandutsa mavoti 12 a power supply kukhala voteji yaing'ono imene purosesa imafuna. Ma motherboard otsika mtengo kwambiri amasiya gawoli lopanda zitsulo zoziziritsira, ndipo m'nyengo yotentha ya Okutobala ndi Novembala, m'chipinda cha malata ku Ndirande kapena ku Bangwe, fumbi litadzaza m'bokosi, gawoli likatentha purosesa imachepetsa liwiro pakati pa gemu. Sankhani yokhala ndi zitsulo pa VRM, malo anayi a RAM ngati n'kotheka, ndi malo amodzi kapena awiri a M.2. Magetsi okongola a mitundumitundu sawonjezera liwiro lililonse.

Nkhani ya BIOS ndi yofunika kwambiri kuno kwathu kuposa mmene amaifotokozera anthu a kunja. Motherboard ya B450 imene inapangidwa Ryzen 5000 isanatuluke siizindikira purosesa yatsopanoyo mpaka BIOS itakonzedwa, ndipo mukayatsa mumangoona mafani akuzungulira pamene sikirini ili bii. Ma motherboard ena ali ndi batani lokonzera BIOS kuchokera pa fulashi popanda purosesa. ASUS imalitcha USB BIOS Flashback, Gigabyte imati Q-Flash Plus, MSI imati Flash BIOS Button. Batani limeneli ndi lamtengo wapatali kwa ife, chifukwa magetsi akazima BIOS ili mkati molembedwa, motherboard ikhoza kukana kuyakanso, ndipo batanili nthawi zambiri limatha kuidzutsa. Musakonze BIOS popanda UPS (batire loyendetsa kompyuta magetsi akazima) kapena invetala, makamaka m'nyengo ya mvula pamene ziphaliwali ndi kuzimazima kwa magetsi zimachuluka.

RAM ikhale timitengo tiwiri ta 8GB, DDR4-3200, osati kamodzi ka 16GB, pakuti tiwiri timapatsa purosesa njira ziwiri zotengera zinthu, ndipo pa 5600G kusiyana kwake ndi kwakukulu zedi. Mukamaliza kulumikiza, lowani mu BIOS ndi kuyatsa XMP, njira yoyendetsera RAM pa liwiro lake lonse, imene ASUS imaitcha DOCP pa ma motherboard a AMD, apo ayi RAM yanu idzayenda pa liwiro lotsika kuposa limene munalipira. Power supply yopanda dzina lodziwika musaiyandikize ku zipangizo zimenezi.

Pomaliza pali kagulidwe. Kaya mukugula m'sitolo m'tauni kapena ku Limbe, kaya kwa munthu wa pa Facebook, kaya mwatuma m'bale wochokera ku Johannesburg, kumbukirani kuti kubweza katundu kunja kwa dziko ndi kovuta ndipo kumadya ndalama. Pa AM4 timapini tili pansi pa purosesa, pamene pa LGA1700 ndi AM5 tili mkati mwa soketi ya motherboard, choncho unikani ndi tochi ya foni pamalo oyenerawo ndi kuona ngati pali kopindika kapena kothyoka. Pemphani wogulitsa kuti alumikize purosesa, motherboard ndi RAM pamaso panu, aziyatse mpaka BIOS ioneke, muwerenge nokha dzina la purosesa ndi kuchuluka kwa RAM pa sikirini, ndipo ayese malo onse a RAM limodzi ndi limodzi. Ngati akukana kutero, kapena akuti mukayesere kunyumba, musatumize ndalama pa foni ngakhale mtengo utaoneka wokoma bwanji.