Mapiri a Drakensberg ndi ana aang'ono: mugone ku South Africa kapena ku Lesotho?

Phiri ndi lomweli, koma limatchedwa mayina osiyana. Ku South Africa amati Drakensberg, kapena uKhahlamba m'Chizulu, pamene ku Lesotho amati Maloti. UNESCO, nthambi ya United Nations, inaika mbali ya South Africa m'gulu la malo ofunika padziko lonse mu 2000, ndipo mu 2013 inaphatikizapo paki ya Sehlabathebe ya ku Lesotho. Komabe kwa banja lomwe lili ndi mwana wa zaka zitatu ndi wina wakumsana, ndalama zili zowerengeka, mbali ziwirizi n'zosiyana kwambiri.

Ku South Africa malo ambiri otchipa ndi a boma. Bungwe la Ezemvelo KZN Wildlife ndi lomwe limayendetsa malo a alendo a Royal Natal, Giant's Castle ndi Didima, pomwe Golden Gate, kufupi ndi tauni ya Clarens, ili m'manja mwa SANParks, bungwe loyang'anira mapaki a dzikolo. Kachitidwe kawo n'kakuti mumalipira kanyumba kokhala ndi khitchini, mapoto ndi firiji, n'kumaphika nokha. Apa m'pamene ndalama imapulumukira. Aliyense amene anadyetsapo mwana kulesitilanti amadziwa: mwaitanitsa mbale yodula, iye waluma kawiri, kenako akulirira buledi. Mukaphika nokha, phala lake limapsa nthawi yomwe iye wadzuka. Chongosamala ndi anyani. Mukasiya zenera lotsegula, mudzapeza thumba la shuga lili pa kapinga, eni ake atakhala pamwala akukuyang'anani. Ofuna kutsitsa mtengo kwambiri amagona m'tenti ku Mahai, mkati mwa Royal Natal momwemo, ndipo kuchokera pamenepo pali kanjira kofewa kopita ku timathithi ta Cascades komwe mwana wamng'ono amatha kuyenda ndi miyendo yake. Mathithi a Tugela, otalika mamita 948, mungowaonera patali, poti ulendo wake si wa ana.

Lesotho ili ndi kakomedwe kena. Malo ogona monga a ku Malealea ndi Semonkong amagwira ntchito limodzi ndi anthu a m'midzi, moti kavalo amene mwana wakwera ndi wa bambo wa m'mudzimo, ndipo womutsogolera, atafunda bulangete lake la Chisotho, ndi wa komweko. Ndalama yanu mumaiona komwe yalowa, ndipo ine zimenezi ndimazikonda. Ku Semonkong kuli mathithi a Maletsunyane, a mamita 192. Za ndalama musade nkhawa: loti, ndalama ya ku Lesotho, imafanana mphamvu ndi randi, ndipo randi imagwira ntchito m'Lesotho monse. Koma maloti otsala muwathere komweko, chifukwa mukabwerera ku South Africa sawalandira.

Nanga vuto lili pati? Lili pa kukwera kwa malo. Lesotho yense ali pamwamba pa mamita 1,000 kuchokera pa nyanja yamchere, ndipo malo ake otsikitsitsa ali pa mamita pafupifupi 1,400. Afriski, komwe anthu amakasewera pa chipale chofewa kuyambira Juni mpaka Ogasiti, ili pamwamba pa mamita 3,000. Munthu akapitirira mamita 2,500 mofulumira, thupi limalandira mpweya wochepa, mutu n'kuyamba kuwawa, tulo osabwera. Wamkulu amanena kuti mutu ukundipweteka. Mwana wa zaka ziwiri sanena kanthu, amangolira, kukana chakudya, kapena kufooka, inu n'kumayesa kuti ndi kutopa kwa ulendo. Usiku ukagwa muli pamwamba choncho, chipatala chili kutali, msewu wake wokhotakhota, mwinanso wachita chisanu. Malo a Ezemvelo ambiri ali m'munsi mwa phiri, pansi pa mamita 2,000, ndipo matauni monga Ladysmith ndi Estcourt mumafikako pa msewu wa tala.

Palinso mtengo wina womwe suoneka pa intaneti. Sani Pass, njira ya m'phiri yolowera m'Lesotho yomwe imakwera mpaka mamita oposa 2,800, imafuna galimoto ya 4x4, ndipo yahayala si yotchipa. Pamalire mwana aliyense afunika pasipoti yake. Tengani ndi satifiketi ya kubadwa, komanso kalata ya chilolezo ngati kholo limodzi latsala kunyumba. M'nyengo yozizira funsani ngati nkhuni kapena gasi wotenthetsera chipinda ali kale mu mtengo umene akuuzani. Chokoma cha mbali zonse ziwiri n'chakuti m'mapiri amenewa mulibe malungo.

Nthawi yopitira imasinthanso bilu. Disembala ndi Isitala, sukulu za ku South Africa zikatsekera, malo amadzaza msanga ndipo ambiri amakweza mitengo. Ngati ana anu sanayambe sukulu, pitani pakati pa sabata, anzawo ali m'kalasi. M'chilimwe cha kumeneko mvula ya mabingu imakonda kugwa masana, choncho kuyenda kukhale kwa m'mawa.

Ine ndikanakhala ndi ana osakwana zaka zisanu, ndikanagona ku kampu ya Glen Reenen mu Golden Gate kapena ku Royal Natal. Ana akamakakamira zoona chipale chofewa, n'zotheka kulawirira m'mamawa, kuwoloka malire pa Caledonspoort, kukwera Moteng Pass pa msewu wa tala, kusewera pang'ono ku Afriski, n'kutsika dzuwa lisanalowe. Zokagona ku Malealea n'kukwera akavalo tsiku lonse ndingazisungire mpaka wamng'onoyo atayamba kukhala yekha pachishalo.