Matiresi ouma gwa si mankhwala a msana

Munthu akangodandaula kuti msana ukumupweteka, langizo limabwera msangamsanga: "Gulani matiresi olimba kwambiri, apo ayi muzingogona pansi." Olinena amanena ndi mtima wabwino, koma kwa anthu ambiri langizoli limangowonjezera ululu. Ine maganizo anga ndi akuti tasokoneza zinthu ziwiri zosiyana, kuuma kwa matiresi ndi kugwira msana. Thabwa ndi louma, koma siligwira msana wa munthu.

Msana si wowongoka ngati nsungwi. Mukauyang'ana cham'mbali umapindika: pakhosi umalowa m'kati, pakati pa mapewa umatuluka, m'chiuno umalowanso m'kati. Pakati pa mafupa ake pali timapilo tofewa timene timafinyika masana ndi kulemera kwa thupi, ndipo usiku timayamwanso madzi n'kufufuma. N'chifukwa chake m'mawa munthu amakhala wamtaliko ndi sentimita imodzi kapena kuposerapo kusiyana ndi madzulo. Ntchito ya matiresi ndi kusunga msana mmene umakhalira munthu akaima bwinobwino, kuti minofu ipume usiku wonse.

Mukagona chagada pamalo ouma kwambiri, matako ndi mapewa okha ndi amene amakhudza pansi. M'chiuno mumatsala mpata, ndipo minofu ya pamenepo imagwira ntchito mpaka kucha kuti msana usagwe. Mukagona cham'mbali zimaipiratu: thupi lonse limatsamira paphewa ndi pafupa la m'chiuno, magazi sayenda bwino, mkono umachita dzanzi, ndiye mumangotembenukatembenuka osadziwa chimene chikukudzutsani. Matiresi ofewa kwambiri nawonso ali ndi mlandu wawo. Chiuno ndicho chimalemera kwambiri pathupi, choncho chimamira, msana n'kupindika ngati uta kwa maola asanu ndi atatu.

Izi zinayesedwapo. Mu 2003 magazini ya zachipatala ya The Lancet inafalitsa kafukufuku wa ku Spain wa anthu 313 amene ankavutika ndi msana kwa nthawi yaitali. Ena anapatsidwa matiresi olimba kwambiri, ena olimba mwapakatikati. Patatha masiku 90, amene ankagona pa olimba mwapakatikati ndi amene ululu unawachepera kwambiri, pabedi ndiponso podzuka. Choncho poyambira pabwino ndi pakatikati, kenako n'kusunthira uku kapena uku malinga ndi thupi lanu.

Ndipo matupi amasiyanadi. Matiresi amene munthu wa makilogalamu 55 akuwamva ngati mwala, wa makilogalamu 100 amamira nawo mpaka kumva matabwa a bedi. Wopepuka amafunika ofewerapo kuti phewa lilowe, wolemera amafunika olimbirapo ndiponso okhuthala. Kagonedwe nakonso n'kofunika. Ogona cham'mbali, makamaka a mapewa otambalala kapena chiuno chachikulu, asankhe okhala ndi pamwamba pofewa. Ogona chagada apite pakatikati. Ogona chafufumimba afunika olimbirapo kuti mimba isamire, ngakhale kuti kagonedwe kameneka kamapotokola khosi, ndipo ndi bwino kukasiya pang'onopang'ono.

Tsono chimene chimandiwawa ndi mmene timagulira. Munthu amafika m'sitolo, n'kudina matiresi ndi chikhatho kawiri, n'kukhala m'mphepete pang'ono, basi wasankha. Chikhatho sichingakuuzeni chimene msana udzamve. Katundu amene mudzagonepo maola pafupifupi 2,900 chaka chilichonse ndi woyenera kumuyesa mogona. Vulani nsapato, gonani mmene mumagonera kunyumba, ndipo khalani pomwepo mphindi 10 kapena 15, chifukwa mphindi zoyamba chilichonse chimamveka bwino. Muli chagada, lowetsani dzanja pansi pa chiuno. Likalowa mopanda chotchinga ndipo mpata n'kutsalabe, matiresiwo ndi ouma kwambiri kwa inu. Likakanika kuloweratu, chiuno chamira. Liyenera kulowa movutikira pang'ono. Kenako gonani cham'mbali, wina aime kumbuyo kwanu aone ngati msana ukuyenda mzere umodzi kuchokera pakhosi mpaka kumatako. Yesaninso kutembenuka: ngati mukuchita kudzikoka ngati mukutuluka m'dzenje, asiyeni. Ogona awiri ayese onse limodzi, wina atembenuke mnzake amve ngati akugwedezeka. Musachite manyazi, wogulitsa amene akukana kuti mugonepo sakufuna kuti mudziwe chimene mukugula.

Pa matiresi a siponji, nambala imodzi ndi yofunika kuposa zonse zolembedwa pachikuto, ndiyo density. Imanena makilogalamu a siponji amene ali mu kiyubiki mita imodzi, ndiye kuti m'bokosi la mita imodzi mbali zonse. Siponji ndi timabowo tampweya tozunguliridwa ndi timakoma topyapyala. Density ikakhala yotsika, timakomato timakhala tochepa mphamvu, timathyoka msanga, ndipo pamene pamagona chiuno pamasanduka chigwa chimene sichibwereranso. Kwa munthu wamkulu wogonapo tsiku lililonse, ine ndingati musatsike pa 28, ndipo 30 kapena 32 kupita m'mwamba ndiye zabwino, makamaka kwa olemera thupi ndi ogona awiri. Siponji ya 18 kapena 20 ndi ya bedi la alendo.

Apa ndi pamene ambiri amapusitsidwa. Density si kuuma. Siponji yopepuka ikhoza kupangidwa youma gwa, m'sitolo n'kumaoneka yamphamvu, koma pakangotha miyezi yowerengeka imafota. Siponji yolemera ikhoza kukhala yofewa bwino n'kukhala zaka zambiri. Kukhuthala nakonso sikutanthauza kulimba: mainchesi 8 a siponji yachabechabe amagonja kwa mainchesi 6 a siponji yabwino. Nsalu yokongola ya pamwamba isakutengeni mtima, paja chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere.

Mukhoza kutsimikiza nokha ndi sikelo komanso tepi yoyezera. Chulukitsani mulitali, mulifupi ndi kukhuthala m'mamita, kenako gawani kulemera kwa matiresi ndi yankholo. Mwachitsanzo, matiresi a siponji yokhayokha a masentimita 190 ndi 137, okhuthala 15, ali ndi 0.39 ya kiyubiki mita. Ngati density yake ndi 30 ayenera kulemera pafupifupi makilogalamu 12. Mukawanyamula n'kupeza kuti ndi makilogalamu 7 okha, density yake ili cha pa 18, kaya pachikuto alembapo chiyani. Chenjezo limodzi: opanga ena amathira ufa wa miyala m'siponji kuti ilemere. Yoteroyo imakhala yolemera koma yosanyumbuka, ndipo mukaipinda kapena kuikanda pakona imanyenyeka. Siponji yabwino mukaidina ndi bondo imabwerera nthawi yomweyo osasiya chizindikiro.

Mawu akuti orthopaedic musawakhulupirire mwa iwo okha. Nthawi zambiri ndi mawu a malonda otanthauza kuti matiresiwo ndi olimbirapo basi. Funsani zimene zili m'kati, zigawo zingati, chilichonse chokhuthala bwanji.

A masipuling'i alipo a mitundu iwiri imene muyenera kuisiyanitsa. A Bonnell ali ndi masipuling'i olumikizana onse ndi waya. Amapita mphepo bwino, koma wina akatembenuka bedi lonse limagwedezeka, ndipo akakalamba amalira n'kuyamba kubaya. A pocket spring sipuling'i iliyonse ili m'kathumba kakekake ka nsalu, ndiye imatsika payokha potsatira thupi. Kwa anthu awiri osiyana kulemera, kapena amene wina amadzuka usiku pafupipafupi, amenewa ndi abwino kwambiri. Koma kumbukirani kuti chimene chimayamba kutha pa matiresi a masipuling'i nthawi zambiri ndi siponji ya pamwamba pake, choncho funso la density silithawika. Khalaninso m'mphepete muone ngati simukutsetsereka.

Memory foam, siponji yapadera imene inayamba kupangidwa m'zaka za m'ma 1960 pa ntchito ya NASA, bungwe la ku America lofufuza za mlengalenga, imafewa ndi kutentha kwa thupi n'kutenga maonekedwe anu. Kwa wogona cham'mbali amene phewa limamupweteka ndi yothandiza zedi. Vuto lake imasunga kutentha, ndipo wotuluka thukuta kwambiri usiku akhoza kuvutika nayo. Imafunika ikhale chigawo cha pamwamba cha masentimita 5 mpaka 8, pansi pake pakhale siponji yolimba kapena masipuling'i, ndipo density yake ikhale cha pa 50 kupita m'mwamba. Latex, yochokera ku utomoni wa mtengo wa rabala, imanyumbuka, siitentha kwambiri ndipo imakhalitsa, kungoti ndi yolemera kunyamula.

Za kukula, yezani bedi lanu m'kati mwake musanachoke pakhomo, chifukwa mayina monga double, queen ndi king sali ndi miyezo yofanana m'mayiko onse. Mulitali mwa matiresi mupose msinkhu wa munthu wamtali ndi masentimita 10 kapena 15. Ndipo taganizirani izi: double ya masentimita 137 mukaigawa pawiri, aliyense amapeza masentimita 68 okha, pafupifupi ngati bedi la khanda. Ngati chipinda chikulola, onjezerani mulifupi.

Pali mlandu wina umene timaunamizira matiresi pamene wolakwa ndi bedi. Matiresi amatenga maonekedwe a chimene chili pansi pake. Mukaika atsopano pa matabwa opindika, othyoka kapena otalikirana, siponji imalowa m'mipata ndipo pakapita nthawi pang'ono mudzati munagula zachinyengo. Mpata wa pakati pa matabwa usapose masentimita 7. Bedi la anthu awiri likhale ndi mtanda wa pakati kuchokera kumutu mpaka kumiyendo, wokhala ndi mwendo wakewake wofika pansi. Bedi la waya limene linagwa kale pakati silingakonzedwe ndi matiresi ena alionse. Ngati mukuyala pansi penipeni, muziwadzutsa n'kuwaimika kukhoma kawirikawiri, chifukwa chinyezi cha thupi chimatsikira pansi ndipo chikasowa kothawira chimabala nkhungu.

Chinyezi chomwecho ndi chifukwa chake pulasitiki ya kusitolo iyenera kuchotsedwa tsiku loyamba. Ambiri amaisiya poganiza kuti akusamala katundu, koma imatsekera thukuta, imatenthetsa, imachita phokoso, ndipo m'kati mumayamba fungo. Gulani chikuto chotchinga madzi koma chopitisa mpweya, chimene mungachivule n'kuchapa. Matiresi enieniwo musawanyowetse, siponji ikamwa madzi siuma msanga m'kati. Musawasiyenso padzuwa lamphamvu tsiku lonse popanda nsalu, dzuwa limaumitsa siponji n'kuyamba kunyenyeka. Miyezi itatu iliyonse atembenuzeni, kumutu kupite kumiyendo. Owagadabuza ndi okhawo opangidwa mofanana mbali zonse. A memory foam pamwamba sagadabuzidwa. Obwera atakulungidwa m'katoni apatseni tsiku limodzi mpaka atatu kuti afufume, mawindo ali otsekula kuti fungo la fakitale lichoke. Ogwiritsidwapo kale ntchito ine sindingalimbikitse: anatenga kale thupi la munthu wina, ndipo nsikidzi zimabisala m'misoko momwe diso silifika msanga.

Pilo ndi mnzake wa matiresi. Wogona cham'mbali afunika pilo wodzaza mpata wa pakati pa khutu ndi phewa, ndi wina pakati pa mawondo kuti chiuno chisapotoke. Wogona chagada afunika wotsikirapo, ndi kapilo pansi pa mawondo. Mukasintha matiresi onaninso pilo, chifukwa phewa likamalowa kwambiri, pilo wakale amakhala wamtali. Khanda lokha ndiye lamulo ndi lina: ligone chagada pa matiresi olimba ndi afulati, popanda pilo.

Nanga akale mungadziwe bwanji kuti atha? Ambiri amatumikira zaka 7 mpaka 10, a siponji yopepuka safika n'komwe. Chotsani zofunda zonse, kokani chingwe kapena ikani ndodo yowongoka mopingasa, muyeze kuya kwa chigwa. Chikafika masentimita 3 kapena 4 popanda munthu kugonapo, ntchito yawo yatha, ndipo kuikapo kasiponji kena pamwamba kumangotsatira dzenje lomwelo. Chizindikiro china ndi kudzuka msana utauma, n'kumasuka pakatha mphindi 20 kapena 30 mukuyendayenda, kapena kugona bwino kwina kulikonse kupatula pabedi lanu. Koma ululu wotsikira m'mwendo limodzi ndi dzanzi kapena kufooka, ululu wobwera ndi kutentha thupi kapena kuwonda, ndiponso kulephera kugwira mkodzo, zimenezo si za matiresi. Pitani kuchipatala msanga.

Pogula, funsani waranti yolembedwa ndipo muwerenge kuti amavomereza chigwa chakuya bwanji asanakusinthireni, chifukwa "zaka 10" zolembedwa ndi zilembo zazikulu nthawi zina zimangokhudza misoko ndi masipuling'i othyoka. Ogulitsa ambiri amakananso kusintha matiresi othimbirira kapena amene anaikidwa pabedi losayenera, ndiye sungani lisiti ndipo musadule kachikwangwani kosokeredwa m'mbali. Funsaninso ngati amalola kubweza. Thupi limene lazolowera dzenje kwa zaka limatenga milungu iwiri mpaka inayi kuti lizolowere malo atsopano, choncho musaweruze ndi usiku woyamba. Mwezi ukatha phewa likuchitabe dzanzi, ndi ouma kwambiri kwa inu, ndipo chigawo chofewa cha masentimita 5 pamwamba chikhoza kukonza. Ngati chiuno chikumira, palibe choikapo pamwamba chimene chingathandize, abwezeni nthawi yobwezera isanathe.