Nkhuku ya apongozi mulibe mu Baldur's Gate 3

Lamlungu lapitali ku Rosettenville tinatsutsana mpaka nsima kuzizira, nkhani yake magemu a patebulo amene akuwasamutsira pa kompyuta. Alamu anga akuti zonse n'chimodzimodzi, gemu ndi gemu. Pamene paja sanandipatse mpata, ndiye ndiyankhire pano.

Pena ndikuvomera. Gloomhaven, gemu ya patebulo ya Isaac Childres yomwe inatuluka mu 2017, bokosi lake lokha limalemera pafupifupi makilogalamu 10. Amene anayalapo akudziwa chintchito chake: kulumikiza mapu, kusanja makadi, kuimika tizilombo, kenako kumawerengera kuti chilombo chilichonse chatsala ndi moyo wochuluka bwanji. Theka la ola limatha musanamenye aliyense. Nanga m'zipinda zathu za lendi muno mu Johannesburg, momwe bedi, firiji ndi sitovu zimakhala phewa ndi phewa, muyala pati? Ya pakompyuta itatuluka mu 2021 ndinawomba m'manja. Ukalaliki wonse makina anatenga, iwe kwako n'kuganiza khadi loponya basi.

Koma Dungeons & Dragons (D&D) ayi. Chiyambireni mu 1974 pomwe Gary Gygax ndi Dave Arneson anaitulutsa, gemuyi imadalira munthu wokhala kumutu kwa tebulo, Dungeon Master, amene amasimba nthano komanso kuweruza. Ali ngati agogo a "padangokhala", kungoti omverawo sathera pa "tili tonse", amalowa m'nthanomo n'kuisokoneza.

Tsiku lina, nthawi ya load shedding ija, tinkasewera pa kandulo. M'nthanomo tinafika pachipata cha mfumu ya afiti, mlonda wakanitsitsa kutsegula. Tonse tikuti tisolole malupanga, alamu omwewa anakweza dzanja: "Achimwene, ndikumuuza mlondayu kuti ndine mkamwini wa pakhomo pano, ndabwera ndi nkhuku ya apongozi." Wotsogolera gemu anaseka mpaka misozi, kenako anati, "Chabwino, ponyani." Dayisi ya mbali 20 inagubuduka, kugunda botolo lomwe tinazikapo kandulo, n'kuima pa 19, nambala yaikulu yokwanira kuti bodzalo ligwire. Chipata chinatseguka. Masabata atatu otsatira nkhani yonse inali ya ukwati wabodzawo, mpaka ankhoswe analowamo. Palibe amene anakonzeratu zimenezo, ngakhale mwini nthanoyo.

Baldur's Gate 3, gemu ya pakompyuta, ndaisewera, ndipo sindikuinyoza. A Larian Studios a ku Belgium anagwira ntchito yotamandika, n'chifukwa chake inatenga mphoto ya Game of the Year mu 2023. Malamulo ake ndi a D&D omwewo, dayisi ija imagubudukanso pa sikirini ndi kaphokoso kokoma. Njira zosankha ndi zambirimbiri, koma iliyonse munthu wina anailemberatu ali mu ofesi. Ukabwera ndi nzeru yako yopusa yomwe sanaiganizire, palibe woti umuuze. Kompyuta siinyengereredwa, siiseka.

Chinanso, ndipo apa ndiulule tchimo langa: dayisi ikagwa pa 2, ndimabwerera pomwe ndinaseva n'kuponyanso. Kawiri, katatu, mpaka zitheke. Ndani akundiona? Patebulo zimenezo sizingachitike. Zili ngati pa bawo pansi pa mtengo wa mango kumudzi: ukatakata molakwika, watakata, ndipo madoda ozungulira aja adzakukumbutsa mpaka Khirisimasi. Mantha amene umakhala nawo dayisi ili m'manja amachokera kwa anthu amene akukuyang'anawo.

Ndikudziwa, kusonkhanitsa anthu asanu ku Joni kuno n'kovuta. Wina ali pa shifiti ya usiku, wina akuchokera ku Randburg pa mataxi awiri, mayi mwini nyumba akuganiza kuti tikutchova juga. Pakati pa sabata nanenso ndimayatsa makinawo. Koma alamu, Lamlungu likubwerali dayisi ndibweretsa ine. Inu mubwere ndi nkhuku ija, mlonda uja akuifunsabe.