Chenjezo kwa inu amene mwasandutsa 3 Malichi tsiku la madyerero

Ana anga ndi adzukulu, ndiloleni ndikudzudzuleni pagulu, chifukwa zimene mukuchita pa 3 Malichi, tsiku lokumbukira amene anafera ufulu wa dziko lino, zanyanya. Kukangocha mwalongeza kale mabotolo m'galimoto, wailesi mwakweza mpaka kumapeto, ulendo wa kunyanja. Wina akakufunsani kuti tchuthichi n'chachiyani, mumangoti "boma lapereka holide." Manyazi mulibe kodi?

Imvani tsono. M'bandakucha wa pa 3 Malichi 1959, bwanamkubwa wa Nyasaland, Sir Robert Armitage, analengeza kuti dziko lili pa ngozi ndipo analetsa chipani cha Nyasaland African Congress. Apolisi ndi asilikali anayamba kugogoda m'makomo anthu ali mtulo, pa ntchito imene anaitcha Operation Sunrise. Dr Hastings Kamuzu Banda anamugwira namupititsa kundende ya Gwelo ku Southern Rhodesia, kumene anakhalako mpaka Epulo 1960. Ena ambiri anawaunjika ku Kanjedza, ku Limbe. Omangidwa onse anapitirira 1,300, ndipo mlandu wao unali kukana chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland chimene anatikakamiza mu 1953.

Koma pamene pamandiwawa kwambiri ndi ku Nkhata Bay. Omangidwa anawakweza m'sitima ya Mpasa imene inali padoko. Abale ao atamva, anakhamukira kudoko kuja kukafuna kuti anthu ao amasulidwe. Mfuti analibe. Asilikali anawombera. Lipoti la komiti ya Devlin, imene boma la Britain lomwe linatuma, linalemba kuti pamalo amenewo panafa anthu 20, pomwe eni dera amawerenga oposa 30. Lipoti lomwelo linati m'dziko lonse anaphedwa anthu 51. Amenewa anali makolo a anthu, ena anasiya makanda kunyumba. Ndiye lero inu mukaime pagombe lomwelo, botolo m'manja, n'kumajambulitsa zithunzi za pa Facebook mukuseka?

Musandimve molakwa. Sindikufuna kuti tibwerere ku nthawi ya Kamuzu, pamene wailesi ya MBC inkangoimba nyimbo zachisoni tsiku lonse, munthu n'kumaopa ngakhale kugwira khasu kapena kuseka mokweza kuopa achiswe, anyamata a chipani cha Kamuzu. Kulira kochita kukakamizidwa kuja kunali ndi mavuto ake. Koma kuchoka pamenepo n'kufika poti mwana wa Fomu 4 sakudziwa kuti Mpasa inali chiyani, kumeneko ndiye kutayirira.

Makolo, mlanduwu ndi wanunso. Mwana sangalemekeze chimene simunamuuze. Mumatha maola pafoni, koma mukulephera kumukhazika pansi kanthawi kochepa n'kumufotokozera za 1959, ngakhalenso za John Chilembwe ndi anzake a mu 1915 amene timawakumbukiranso pa tsikuli.

Ndipo inu oyendetsa galimoto mutaledzera, Malichi ndi nyengo ya mvula, misewu yotsikira kunyanja imaterera. Musatiwonjezere maliro pa tsiku limene tili kale ndi ofunika kuwalira.

Chaka chino m'mawa wa tsikuli tsitsani nyimbozo. Amene muli pafupi ndi Nkhata Bay pitani ku mwambo wa pachipilala cha chikumbutso, mukawerenge maina amene alembedwapo, ndipo mutenge ana. Amene muli kutali, funani agogo amene anaona 1959 ndi maso ao, muwafunse akadali moyo, pakuti atsala ochepa.